Mtengo wa Nyumba ya Amayi

5 Januwale

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, inu, achimwene, alamu ndi tiana tonse. Ine kuno ndili bwino, kungoti msana ukudandaula ndi makina osokera a ku fakitale. Mwezi uno atipatsa mayunifolomu a ana a sukulu, ndiye tikusoka makolala mpaka maso kuchita chidima. Ndikatseka maso ndimangoona makolala akuyenda pamzere.

Amayi, ndisazungulire. Achimwene anandilembera kuti munagwa pamasitepe a pakhonde mutanyamula chidebe cha madzi, ndipo bondo linatupa ngati dzungu. Inu m'kalata yanu munangondiuza za mphaka ndi za mphepo. Bwanji mumandibisira? Ndine mzime, inde, koma mano ndinamera kalekale.

Ndaganiza mofatsa. Nyumba ija yayamba kukulemerani. Mchere wa m'nyanja umadya malata chaka ndi chaka, madzi akumwa mumatunga kutali, chipatala chili kutsidya kwa mlatho. Achimwene amakhala pafupi, koma tsiku lonse ali m'mimba mwa mainjini a maboti, ndipo kwawo ana adzaza ngati nkhanu m'dengu. Bwanji mugulitse nyumbayo mubwere tidzakhale limodzi kuno ku tawuni? Kuno madzi amatuluka pakhoma, moto ndi wongodina, dokotala ali pangodya ya msewu. Ndamva kuti a Chipewa aja, amene akumanga malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja, akugula nyumba. Mungofunsa anthu kuti nyumba ngati yathu ingapite pa mtengo wanji. Kufunsa si kugulitsa.

Chonde musandiyankhe ndi nthabwala. Ndimakudziwani, munthu akakufunsani za bondo mumamuuza za nkhuku, iye n'kubwerera akuseka, ataiwala chimene anadzera.

Mundiuze nkhani za kumeneko. A Kalipentala adakaimbabe nyimbo imodzi yomwe ija? Nanga a Mlonda abereka bwanji chaka chino? Anzanga kuno amaseka ndikawauza kuti kwathu mtengo wa mango timautchula a Mlonda, chifukwa tsiku lina unagwetsa mango padenga la malata, wakuba amene ankasuzumira pazenera n'kuthawa kusiya nsapato imodzi. Sakhulupirira, mpaka ndimachita kulumbira.

Ndine wanu,
Mzime

21 Januwale

Mzime wanga,

Kalata yako yafika pa lole ya nsomba, ikununkha ngati yachita kusambira. Tonse tili bwino. Bondo lachira, ndipo mlongo wako ndamudzudzula. Munthu wamkulu ndithu, wa ndevu, koma pakamwa ngati chitseko cha golosale.

Wafunsa nkhani. Kuno nkhani ndi zomwe zija, sizikalamba. Ndimadzuka kusanatenthe, ndimatsegula zenera la kunyanja, nsalu yotchinga ya maluwa achikasu ija imandimenya kumaso, ndiye moni wanga woyamba. Ndimateleka ketulo, ndimatuluka ndi kapu yanga pakhonde kuona maboti akubwerera. Madzi akaphwera ndimatsika kukaviika mapazi. Mchere umaluma ming'alu ya kuzitendene, mchenga umakanda pamene pamayabwa. Dokotala wako wa pangodya ali nawo mankhwala otere?

Dzuwa likakwera amayi anzanga amabwera ndi maukonde ong'ambika. Timakhala pamthunzi, manja akusoka, pakamwa pakung'amba mbiri za anthu. Sabata ino tinang'amba ya mlongo wako, amene anakonza injini ya boti la mnzake bwinobwino, koma pomaliza zitsulo zina zinatsala m'manja. Akuti zinali zongokongoletsa. Botilo likuyendabe, ndiye mwina akunena zoona.

Bwana, mphaka uja, tsopano waphunzira kulira kwa boti limene limamupatsa mitu ya nsomba. Ena onse akafika sagwedeza ndi khutu lomwe, koma limenelo likangotsokomola kutali, iye ali kale pamchenga, mchira m'mwamba. Adzukulu amadzera kuno akaweruka kusukulu, amandiikira zigoba za nkhono pazenera, zadzaza mpaka sindikutsekanso bwino. A Kalipentala nyimbo ndi yomweyo, kungoti mawu ake ayamba kugwa pamodzi ndi mano. Mango chaka chino tadya mpaka milomo kutupa.

Zina zija walemba ndazimva. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano pali nkhani imodzi imene ikundivuta kulemba. Dzana a Kalipentala anabwera kudzaona nyumba. Anaizungulira yonse, anagogoda khoma la kuchipinda chako, anayang'ana denga, anagwada kuona maziko. Kenako tinakhala pansi kukambirana za mtengo. Iwo akuti ndi waukulu kwambiri kwa nyumba yaing'ono chonchi, ndilole augwetse. Ine ndinawauza kuti anauika pamenepo ndi malemu bambo ako, si chinthu chongoseweretsa. Tinakangana mpaka tiyi kuzizira. Mapeto ake ndavomera, mwanawe. Mlongo wako nayenso wavomera. Akuti zonse zitheke mwezi wamawa, mvula yamphamvu isanafike. Mtima ukuwawa, koma munthu sungakakamire chinthu mpaka chikugwere pamutu.

Uzidya mokwanira. Pachithunzi chimene unatumiza chija khosi lako latalika.

Ndine mayi ako

3 Febuluwale

Amayi anga okondedwa,

Moni nonse kumeneko. Kalata yanu ndinaiwerengera pageti pa fakitale, ndipo ndinalumpha mpaka mlonda wa kuno, wa miyendo iwiri, anandifunsa ngati ndapeza mwamuna. Zikomo, Amayi, zikomo! Ine ndinkayesa tilimbana chaka chathunthu.

Ndiye ogula ndi a Kalipentala? Ndinadziwa, mwana wawo wamkulu uja akufuna kukwatira, malo akusowa. Bola iwowo kusiyana ndi munthu wachilendo, akuidziwa nyumbayo msomali ndi msomali. Koma musalole kuti augwetse kwambiri mtengowo. Ngati bambo anauika pamenepo, anali ndi chifukwa. A Kalipentala akachulutsa nzeru, muwauze kuti a Chipewa nawonso akufuna.

Ine sindinachedwe. Ndapeza kale nyumba ya zipinda ziwiri, pamwamba pa sitolo ya nsapato. Masitepe alipo, koma ali ndi chogwirira. Zenera la chipinda chanu layang'ana khoma la anansi, koma ndi khoma loyera bwino, ndipo masana dzuwa limafikako pang'ono. Ndagulanso matiresi atsopano, onenepa, oti mukagonapo bondo lidzaiwala dzina lake. Ndinawasenza ndekha pamutu kuchokera kumsika, anthu akundiyang'ana, ine osasamala.

Katundu musatenge wambiri. Tebulo la bambo silingakwere masitepe a kuno. Nkhuku ndi mphaka eni nyumba salola. Mutenge zovala, zithunzi ndi kapu yanu yothyoka chogwirira ija, poti ndikudziwa kuti simungaisiye. Ndapempha tchuthi cha pakati pa Epulo, ndidzabwera kudzakutengani.

Madzulo tizidzadyera limodzi, Amayi. Ndagula mbale yachiwiri. Mundiyankhe msanga, mundiuze mmene zikuyendera.

Wanu wokondwa,
Mzime

17 Febuluwale

Mlongo wanga,

Moni. Ife tili moyo, ana akukupatsa moni. Ukudziwa kuti ine cholembera chimanditerera m'manja chifukwa cha girisi, ndiye ukaona ndalemba, dziwa kuti zinthu zafika pena.

Iwe, kusukulu unkakhoza bwanji mayeso? Mtengo umene Amayi ankanena ndi a Mlonda! Mtengo wa masamba, wa mizu, wa mango! Mizu yalowa pansi pa nyumba, yang'amba khoma la kuchipinda chako kuchokera pansi mpaka pazenera, mng'alu woti dzanja la mwana limalowa. Nthambi yaikulu yaweramira padenga. A Kalipentala anabwera kudzaona zimenezo, osati kudzagula. Munthu woyenda ndi nsapato zosiyana angagule nyumba? Safunsa anadya phula, koma iwe wadya ndi njuchi zomwe.

Ndinawafunsa Amayi kuti bwanji sanangolemba kuti a Mlonda. Akuti dzanja linakana kulemba dzina limenelo pamzere umodzi ndi kugwetsa.

Kalata yako anaiwerengera pakhonde, ine ndi alamu ako tili pomwepo. Poyamba anaseka, anaseka mpaka anagwira chipilala, misozi mbwee. Akuti, "Bwerani mumve, mwana uyu akuganiza kuti a Kalipentala akugula nyumba!" Ifenso tinaseka. Koma atafika pa matiresi paja ndi pa mbale yachiwiri, kuseka kunatha. Anawerenganso mwakachetechete, anapinda pepala, anati, "Taonani mmene wakondwera. Chichokereni kuno, mwana uyu sanalembepo zikomo kawiri pamzere umodzi." Ine ndinati basi, ndimulembera ndimuuze kuti waphonya. Anati, "Usayerekeze. Wasenza matiresi pamutu m'tawuni, anthu akumuyang'ana. Akudya yekha kumeneko. Ife kuno tili ndi nyanja, tili ndi ana, tili ndi phokoso. Ndipita."

Ndiye zinthu zatembenuka, nthabwala yabala zenizeni. A Mlonda tinawagwetsa Lachiwiri. Amayi sanaonerere, anatenga ukonde wa munthu wina n'kukasokera kugombe tsiku lonse, atafulatira nyumba. Nkhuku agawira anzawo a maukonde. Bwana amupereka kwathu, koma amathawa n'kubwerera, ana amangokhalira kukamutenga. Ndipo atuma mawu kwa a Chipewa kuti abwere kumapeto kwa Malichi adzagule nyumbayo. Ukudziwa zimene a Chipewa amachita akagula. Amagwetsa zonse, n'kumanga tizipinda ta alendo topaka penti yobiriwira.

Mlongo, ine sindikukuletsa. Ndi mayi ako monga alili mayi anga, ndipo za bondo sunanamepo. Koma m'mawa ndikamapita kuntchito ndimawaona ataima pazenera la kunyanja, kapu m'manja, tiyi osamwa. Ndikapereka moni amadzidzimuka, kenako amayamba nthabwala. Amayi athu ndi munthu woti akhoza kukupatsa diso n'kukuuza kuti linkawayabwa kale.

Ndaphwanya lamulo lawo pokulembera, usandiulule. Koma yankha msanga. Mvula yayamba yosalekeza, ndipo mtsinje ukunyambita mlatho.

Ndine mlongo wako

10 Malichi

Amayi,

Moni. Muli bwanji, inu ndi onse? Papita nthawi osamva chilichonse kuchokera kwa inu kapena kwa achimwene. Ku positi akuti mlatho wa kwathu unakokoloka, ndipo makalata angounjikana mbali zonse ziwiri. Sindikudziwa ngati ino ifika, koma ndilemba basi.

Ndinasamukira m'nyumba yatsopano ija. Lamlungu lapitali ndinalowa m'chipinda chanu, ndinayala matiresi, ndinakhalapo ndi kapu ya tiyi kuyesa kukhala inu. Ndinatsegula zenera. Palibe chimene chinandimenya kumaso. Ndinayang'ana khoma loyera lija mpaka tiyi anazizira, pansi wogulitsa nsapato akukuwa kuitana anthu. Ndinadzifunsa kuti mayi anga, amene amadziwa boti lililonse ndi kutsokomola kwa injini yake, adzayang'ana chiyani pano? Mapazi adzaviika m'beseni?

Kenako ndinayamba kuyenda m'nyumba yathu ndi maganizo. Ndinakumbuka chitseko chimene chimatupa nthawi ya mvula, chofuna kuchikankha ndi chiuno. Mchenga umene umapezeka pabedi ngakhale mutasesa motani. Tebulo la bambo la mwendo umodzi waufupi, lochirikizidwa ndi chigoba cha nkhono, chimene chikasowa nyumba yonse imagwada kufunafuna. Mmene munkatipesera tsitsi pamasitepe, mutatipana ndi mawondo, mukuimba kuti tisamve kuwawa. Mmene mumayanikira zovala, zazikulu kumphepo, zazing'ono kuseri kwake kuti zisauluke. Mmene mumadulira buledi mutamukumbatira pachifuwa, mpeni ukubwera kwa inu, ife mtima uli m'mwamba, inu mukucheza. Kuno anthu ali ndi zonse, koma sindinaonepo munthu wodziwa kukhala monga mumadziwira inu. Inu tsiku mumalidya pang'onopang'ono mpaka kunyambita zala. Ndikunena izi lero chifukwa sindinakuuzenipo, ndipo ndimakusirirani.

Ndinkati ndikukupulumutsani. Zoona zake n'zakuti kuno ndilibe munthu wondifunsa kuti wadya. Ndinafuna kukuzulani kuti mudzandifunse zimenezo. Koma nyumba ija ikapita, ine ndikamati kwathu ndiziloza kuti?

Amayi, ngati simunasainirane ndi a Kalipentala, musagulitse. Kaya akweze mtengo, kaya autsitse, musagulitse. Za bondo tipeza njira ina. Achimwene aike chogwirira pamasitepe, ndipo thanki ya madzi a mvula ndigula ine kuti chidebe chija chipume. Ngati ndachedwa, mundikhululukire.

Muwapatse moni a Mlonda. Muwauze kuti tchuthi chikafika ndikubwera kudzakhala pamthunzi wawo tsiku lonse, osachita kanthu.

Ndine wanu,
Mzime

20 Malichi

Mzime wanga,

Ndikulemba ngakhale malole sakudutsa. Akuti mlatho aukonza posachedwa, ndiye kalata ino idikira ku positi ndi zinzake. Tonse tili bwino. Iwe uli bwanji kumeneko ndi makolala ako?

Ndalongedza. Zovala zonse zakwana m'sutikesi imodzi. Sindinkadziwa kuti munthu wa msinkhu wanga angakwane m'kabokosi kotere. Kapu ndaikulunga m'nsalu ya pazenera ija, ziwirizi zipita limodzi. Tebulo adzatenga mlamu wako, ndamuonetsa kale pamene pamakhala chigoba. Wogula wasintha, tsopano ndi a Chipewa, ndidzakufotokozera ndikafika. Abwera Lachisanu la sabata yamawa ndi mapepala awo.

Usade nkhawa, ndikubwera ndi mtima umodzi. Khoma loyera nalonso ndi chinthu choona, munthu ungathe kudziwana ndi abuluzi ake. Ndidzakuphikira, ukamabwera kuntchito uzipeza mphika uli pamoto wongodinawo, bola undiphunzitse podina. Masiku ano ndikutsika kunyanja m'mawa ndi masana omwe, kuti mapazi asunge mchere wokwanira. Anzanga a maukonde akuti andikonzera tiyi wotsanzikana. Ndawauza kuti aliyense amene alire atsuka makapu, ndiye akhala akuyeserera kuseka.

Ndili ndi funso limodzi lokha. Kodi ku tawuni kuli malo oti munthu akhale pansi n'kuona patali? Ngakhale padenga pa sitolo yakoyo, ndikhoza kukwera pang'onopang'ono. Maso anga anazolowera kupita kutali asanabwerere.

Ndine mayi ako

2 Epulo

Iwe Mzime, mwana wopusa wa mayi wopusa,

Moni. Tonse tili bwino. Khala pansi uwerenge, usawerengere pageti, ungagwe.

Lachisanu a Chipewa anabweradi, chipewa chawo chija chili kumutu, mapepala m'khwapa. Mlongo wako anatseka ntchito n'kubwera kudzakhala mboni, nkhope ngati wameza mbedza. Alendowo ndinawakhazika pabenchi yatsopano ya pakhonde. Benchi imeneyi anandikonzera a Kalipentala. Anang'amba thunthu la a Mlonda pakati, anapala, anaika miyendo, ndipo mpaka lero imanunkhira utomoni wa mango. Ndikudziwa kuti sukudabwa. Mlongo wako wandiululira kuti anakulembera mwamseri, ndiye pofika pano wadziwa kuti a Mlonda kulibe, ndi kuti mtengo umene ndinkanena ine ndi umene unkamva iwe inali yosiyana.

Ndinathira tiyi. A Chipewa anali akuyeza khonde ndi maso, akuti pano padzakhala pomwera alendo, apo padzakhala posambira. Ine ndikungoti inde, inde. Atangotulutsa cholembera, tinamva hutala pamsewu. Lole ya nsomba, yoyamba kudutsa chikonzereni mlatho! Dalaivala anatulutsa mutu pazenera akukuwa, "Amayi a maukonde, kalata yanu yamera imvi m'thumba muno!" Ndinawapempha a Chipewa kuti andidikire, poti ine kalata ya mwana sindiigoneka.

Ndinawerenga nditaima. Pa chitseko chotupa ndinaseka. Pa buledi ndinati mwana uyu ankandiona nthawi yanji. Nditafika pamene walemba kuti ulibe wokufunsa kuti wadya, zilembo zinayamba kusambira. Ndipo nditafika pa moni wa a Mlonda, ndinakhala pansi, pa a Mlonda pomwepo, pambali pa alendo.

A Chipewa anatsokomola mwaulemu, anati, "Mayi, nthawi ikupita. Tiyeni tinene mtengo timalize."

Ine ndinapukuta maso ndi nsalu, ndinati, "Mtengo? Pepani bambo, mwachedwa. Nyumba ino inali ndi mtengo umodzi wokha, ndipo a Kalipentala anaugwetsa mwezi watha. Ndi umene mwaukhalirawo."

Anayang'ana benchi, anayang'ana chitsa, anandiyang'ana ine. Anati, "Mayi, sindikunena umenewo."

Ndinati, "Wina nyumba ino ilibe."

Mlongo wako anaseka mpaka tiyi anatulukira m'mphuno. A Chipewa ndi munthu waulemu, ndisawanamizire. Anamaliza tiyi wawo, anapinda mapepala, anati ndikadzasintha maganizo ndidzatume mawu. Ndinawapepesa powayendetsa pachabe, ndipo ndinawapatsa nsomba za panjira kuti asapite chimanjamanja.

Tsopano tamvera. Ukanandimva ndi khutu sukanasokoneza, poti pakamwa mtengo wa masamba ndi mtengo wa pamsika siituluka mofanana. Koma pepala lilibe liwu, ndipo iwe unawerenga zimene mtima wako unkafuna. Inenso sindikuposa nzeru. Ndinatsala pang'ono kugulitsa nyumba ya bambo ako chifukwa choopa kuuza mwana wanga kuti sindikufuna. Tonse awiri tikanakhala pamatiresi aja, tikuyang'ana khoma, aliyense akumwetulira kuti mnzake asadziwe. Wandipulumutsa ndiwe, ndipo unalemba usanadziwe kuti unaphonya. Chimenecho chandikondweretsa kuposa zonse.

Sutikesi ndamasula. Nsalu yabwerera pazenera, m'mawa uno yandimenya ngati yakwiya. Bwana anabwerera yekha tisanamuitane. Nkhuku zokha ndiye zavuta. Mnzanga wina akuti yake inadwala mwadzidzidzi n'kugwera mumphika. Mng'alu wa kuchipinda chako tamata, ndipo mlongo wako waika chogwirira pamasitepe, cha chitsulo cha boti, chimene ndikukhulupirira kuti ndi chimodzi mwa zongokongoletsa zija.

Sindikunamiza, pakhonde pakutentha. Masana dzuwa limalowa mpaka pakhomo, ndipo ife a maukonde tasamukira kuseri kwa nyumba. Padenga pali zii, palibe chogwa. Mthunzi umene ukuufunawo sindingakupatse, unapita.

Za kudya wekha zandipweteka kuposa bondo. Miyezi yozizira ikafika ndidzabwera kumeneko ngati mlendo, ndidzagone pamatiresi ako, ndidyere m'mbale yachiwiri ija, ndione khoma lakolo ndi abuluzi ake. Koma mlendo ndi mame, ndidzabwerera.

Tchuthi chako usabweze. Mango omaliza amene anagwa padenga ndinadya ndekha, njere yake ndinaika m'chitini cha penti. Ndinkafuna kubwera nacho ku tawuni, ndidzachiike pazenera la khoma lija. Yamera, ili ndi timasamba tofiira. Ubwere udzadzale ndi manja ako, koma utalikire kukhoma. Bambo ako ndinawauza kuti mwayandikitsa, iwo anati kamtengo kotere kangatani.

Ndine mayi ako

Ndatsala pang'ono kumata ndisanafunse. Wadya?

9 Epulo

Amayi,

Ndadya.

Makalata onse atatu afika tsiku limodzi, ya achimwene ndi anu awiri. Ndinawawerenga motsatira madeti, ndiye ndinachita manyazi, ndinalira, kenako ndinaseka mpaka wogulitsa nsapato anakwera kudzaona ngati kwagwa zovuta.

Ndifika Loweruka pa lole ya nsomba. Achimwene asakumbe dzenje, ndidzakumba ndekha, inu mudzangoloza malo. Tikamaliza mudzandisunthire pang'ono pa a Mlonda, tidzakhale awiri, ngakhale padzuwa.

Ndine wanu,
Mzime